Bwanji Fats Domino satchulidwa tikamakamba za mafumu a rock and roll?

Chimbale45 analemba:

Akuluakulu, ndabwera ndi funso lomwe landikhala pamtima chitsegulireni sutikesi ya malemu bambo anga mwezi watha. Pansi pa majekete awo tinapezapo zimbale zing'onozing'ono zisanu ndi ziwiri, zija zozungulira ka 45 pa mphindi, zitakulungidwa m'nsalu. Zitatu mwa izo ndi za Fats Domino. Cha "Blueberry Hill" ndiye chinatheratu, pepala la pakati linachita kuyera ndi zala zawo, ndipo chili ndi kamzere kamene kamadumphitsa singano pa malo amodzimodzi, nyimbo ikangofika pakati. Kudumpha kumeneko ndinakula nako, mpaka lero ndikamva nyimboyi pa intaneti khutu langa limakudikira.

Bambo akaika chimbalechi sankavina. Ankakhala pampando, maso atatsinzina, n'kumagogoda tebulo ndi zala za dzanja lamanzere lokha, lamanja lili phee pa bondo. Ndili mwana ndinkayesa ndi chizolowezi chawo chabe.

Masabata ano ndakhala ndikufufuza za munthuyu. Dzina lake lenileni ndi Antoine Domino, anabadwira ku New Orleans pa 26 February 1928. Nyimbo yake yoyamba, "The Fat Man", anaijambula mu December 1949. Nthawi imeneyo Elvis Presley anali ndi zaka 14, akadali pasukulu, ndipo chimbale chake choyamba chinadzatuluka mu 1954 ku Sun Records ku Memphis. Zimbale za Fats akuti zinagulidwa zoposa 65 miliyoni. Nanga bwanji ndikafunsa anzanga za oyambitsa rock and roll amanditchulira Elvis, Chuck Berry, mwina Little Richard, koma ameneyu ayi? Chinalakwika n'chiyani? Zikundiwawa ndithu, chifukwa ndikuona ngati akuiwala bambo anga omwe.

WaPiyano anayankha:

Pepani ndi maliro, achimwene. Dzanja lamanzere la bambo anulo lisakudabwitseni, iwo ankamva chimene ambiri sachimva. Ankatsatira besi ya piyano.

Ine ndimaphunzitsa piyano, ndipo ophunzira akandiuza kuti nyimbo za Fats n'zosavuta ndimawakhazika pansi kuti ayesere. Dzanja lamanja limagawa kugunda kulikonse patatu, ta-ta-ta, ta-ta-ta, osapuma kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Lamanzere limayenda pansi mwaulemu, kukwera n'kutsika ngati munthu wonenepa amene sakuthamangira kulikonse. Aliyense amatha kuchita zimenezi kwa theka la mphindi. Zikapitirira apo mkono umauma, liwiro limayamba kukwera, ndipo kukoma konse kumathawa. Fats ankazichita usiku wonse uku akuyimba, atatembenuzira nkhope kwa anthu akumwetulira. Piyanoyo anamuphunzitsa ndi mlamu wake, Harrison Verrett.

Komanso sanali yekha. Dave Bartholomew, woliza lipenga, ndi amene ankalemba naye nyimbo ndi kutsogolera gulu pojambula ku kampani ya Imperial. Pa ng'oma panali Earl Palmer, pa sakisofoni Herb Hardesty ndi Lee Allen. Ankajambulira m'kachipinda kakang'ono ka J&M, situdiyo ya Cosimo Matassa pa msewu wa Rampart. Mu 1955 Little Richard anadzajambulira "Tutti Frutti" m'kachipinda komweko, Palmer ndi Allen omwewo akumuyimbira. Choncho mukamva phokoso la Little Richard lija, dziwani kuti kumbuyo kwake kuli anyamata amene anakhwimira pa nyimbo za Fats.

AgogoAWailesi anayankha:

Mwana wanga, nkhani iyi sitingaikambe osatchula tsankho. America ya zaka zimenezo inali yogawikana, ngakhale mndandanda wa nyimbo zotchuka unali pawiri: wa rhythm and blues, komwe ankaika anthu akuda, ndi wa pop, womwe unali waukulu. Mu 1955 Fats atatulutsa "Ain't That a Shame", mnyamata wachizungu Pat Boone anaijambulanso mwamsanga, mofewetsa. Ya Boone inafika pa nambala 1, ya mwini wake inathera pa nambala 10. "Blueberry Hill" ya 1956 inafika pa nambala 2, ndipo pamenepo ndi pomwe anakwera kwambiri. Pa mndandanda wa pop sanakhalepo pa nambala 1 moyo wake wonse, ngakhale kuti ku rhythm and blues ankangokhalira pamwamba.

Ndipo zoimbaimba zake zinkasonkhanitsa achinyamata akuda ndi oyera m'holo imodzi, chinthu chomwe akuluakulu a m'matauni ambiri sankafuna kuchiona. Mu 1956 mokha munabuka zipolowe kangapo. Ku Fayetteville, North Carolina, apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi m'holo, iye n'kuthawira pawindo mpaka kutemeka ndi magalasi. Munthu wofatsa ngati ameneyu!

Elvis yemweyo ankadziwa kumene nyimbozi zinachokera. Mu 1969 ku Las Vegas, atolankhani atamutchula kuti mfumu, iye analoza Fats, amene anali m'chipindamo, n'kunena kuti mfumu yeniyeni ndi ameneyo.

Gitala57 anayankha:

Agogo, ndikugwirizana nanu pa za Pat Boone, koma tsankho lokha silikumaliza funso la achimwenewa. Chuck Berry ndi Little Richard nawonso anali akuda, anazunzidwanso chimodzimodzi, koma mayina awo sanazilale.

Ine ndimaona kuti anthu amakumbukira amene anawaopseza. Little Richard ankakuwa, kuponda piyano ndi phazi, kenako mu 1957 n'kusiya zonse kupita kukaphunzira za ubusa. Jerry Lee Lewis anadzigwetsa yekha mu 1958 zitadziwika kuti anakwatira wachibale wake wa zaka 13. Buddy Holly anafa pa ngozi ya ndege mu 1959 ali ndi zaka 22. Aliyense ali ndi nkhani yoti olemba mabuku atafune. Nanga Fats? Anakwatira Rosemary mu 1947, anabereka ana asanu ndi atatu, n'kukhalabe m'dera lomwe anakuliramo la Lower Ninth Ward ngakhale atalemera. Atolankhani ankawathawa, anali wamanyazi. Chodabwitsa chake chachikulu pa siteji chinali kukankha piyano ndi mimba kuchoka mbali ina kufika ina pomaliza kuyimba.

Chinanso ndi chida. Rock itakula inasanduka nyimbo ya gitala, ndipo mwana aliyense wogwira gitala amayambira pa Chuck Berry. Woliza piyano anatsalira. Onjezerani apo kuti mu 1963 anachoka ku Imperial kupita ku ABC-Paramount, n'kuyamba kujambulira ku Nashville popanda Bartholomew. Nyimbo zimenezo ndazimvera, mawu ake ndi omwe aja koma mchere wa New Orleans mulibe. Chaka chotsatira a Beatles anafika ku America, ndipo oyimba ambiri a m'ma 1950 anakankhidwira kumbali.

MayiWaNyimbo anayankha:

Inu mukuti anaiwalika, ine ndikuti anangolowa m'nyimbo za ena. John Lennon wa gulu la Beatles ankanena kuti nyimbo yoyamba imene anaphunzira kuyimba inali "Ain't That a Shame", anamuphunzitsa ndi mayi ake, Julia. Mnzake wa m'gululo Paul McCartney polemba "Lady Madonna" mu 1968 ankatsanzira kayimbidwe ka Fats, ndipo Fats anaijambulanso chaka chomwecho. Ku Jamaica, "Be My Guest" ya 1959 inkalira kwambiri m'madansi, ndipo kagundidwe kake kali m'gulu la zimene zinabala ska, kholo la reggae. Ngakhale dzina la woyimba wina loti Chubby Checker analipeka potengera la Fats Domino. Rock and Roll Hall of Fame, yolemekeza akatswiri a nyimbozi, itayamba kulandira anthu mu 1986, iye anali m'gulu loyambirira, limodzi ndi Elvis, Chuck Berry ndi Ray Charles.

Chimene chimandigwetsa misozi ndi cha August 2005. Namondwe wa Katrina akubwera, iye anakana kusamuka, mkazi wake sankapeza bwino. Madzi anamiza Lower Ninth Ward, ndipo kwa masiku angapo palibe ankadziwa komwe ali. Wina anachita kulemba ndi penti pa khoma la nyumba yake kuti ause mumtendere. Chonsecho anali atapulumutsidwa pa bwato. Mapiyano ake anaonongeka, mendulo yomwe Bill Clinton anamupatsa mu 1998 inatayika, mpaka George W. Bush anadzamupatsa ina mu 2006. Anayimba komaliza pagulu mu 2007 ku malo oimbirako a Tipitina's, mu New Orleans momwemo, ndipo anamwalira pa 24 October 2017 ali ndi zaka 89.

Chimbale45 anayankha:

Zikomo nonse, mwandithandiza kuposa mmene ndimayembekezera. A Gitala57, mfundo yanu yoti anthu amakumbukira amene anawaopseza yandilasa, chifukwa bambo anga analinso otero, osakweza mawu, osadzionetsera, ndipo pamaliro awo ndi pomwe tinamva kuchuluka kwa anthu amene anawathandiza. Mwina n'chifukwa chake mwa oyimba onse aja anasankha ameneyu. Komabe za Pat Boone sindinazimeze, agogo. Ndamvera nyimbo ziwirizo motsatizana dzulo ndipo mtima unandipweteka.

A WaPiyano, usiku wathawu ndinabwereka galamafoni kwa mnzanga n'kuika "Blueberry Hill". Ndinayesa kutsatira besi ija ndi dzanja lamanzere patebulo monga ankachitira bambo. Ndinasochera kawiri konse, zala zinkangothawira ku ta-ta-ta wa kumanja uja. Kachitatu ndinafika nayo mpaka pomwe singano imadumpha, ndipo mwana wanga wamkazi, amene sanawaonepo agogo ake akuchita zimenezi, anabwera n'kuika kadzanja kake pambali pa langa.

Zimbale ziwiri zinazo ndi "I'm Walkin'" ndi "Walking to New Orleans", koma zadzaza fumbi m'mizere ndipo ndikuopa kuziwononga. Alipo amene akudziwa kutsuka kwake?