Madzi otuluka m'boyila akuundana m'paipi: kodi ndiizule?

Nambewe, Leeds

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhalitsa kuno ku Britain. Nyumba imene tikuchita lendi ili ndi boyila ya gasi yotenthetsa madzi ndi zipinda, koma usiku kukazizira kwambiri timadzuka itazima, mkati mwake mukumveka phokoso la madzi. Kunja kwa khoma kuli kapaipi koyera ka pulasitiki kochokera kuboyilako, ndipo kukamwa kwake kumakhala madzi oundana. Mnansi wandilangiza kuti ndikazule pansi pa boyila n'kutcherapo ndowa kuti madziwo asamafike panja. Kodi zimenezi zilibe ngozi, poti ndili ndi ana aang'ono m'nyumba? Nanga chipangizo choyaka moto chimatulutsa bwanji madzi?

A Phiri, Manchester

Mayi Nambewe, musazule paipiyo. Gasi akamayaka amatulutsa nthunzi yambiri pamodzi ndi utsi. Maboyila akale ankataya zonsezi panja zikadali zotentha, pamene amakono, omwe malamulo a zomangamanga ku England ndi Wales anawakakamiza kuyambira mu Epulo 2005, amayamba aziziritsa utsiwo mpaka nthunzi itasanduka madzi, ndipo kutentha kumene kukanatayika kumabwerera m'mapaipi a m'nyumba. N'chifukwa chake sadya gasi wambiri. Madzi amenewa amatha kufika malita 2 pa ola boyila ikamagwira ntchito mwamphamvu, ndipo ali ndi asidi amene amadya kopa ndi simenti pang'onopang'ono, motero paipi yake imakhala ya pulasitiki.

Chimene mnansi wanu sanakuuzeni n'chakuti madziwo ndi utsi zimachokera m'chipinda chimodzi cha boyila. Pamene paipi imayambira pali kachikho kopindika kamene nthawi zonse kamasunga madzi pang'ono, ndipo madzi amenewo ndiwo amatsekereza utsi kuti usatsike ndi paipi n'kulowa m'nyumba. N'zoona kuti amisiri nthawi zina amatchera ndowa mongoyembekezera, koma iwo amadziwa pamene kachikhoko kathera. Munthu wokoka mwachimbulimbuli angathe kukagwedeza kapena kukakhuthula, njira ya utsi n'kutseguka iye osadziwa.

Paipi ikaundana, madzi amabwerera m'mbuyo ndipo boyila imazima yokha podziteteza. Thirani madzi ofunda, osati owira, kunja kwa paipiyo, makamaka pamene yapindika ndi kukamwa kwake, kapena gonekanipo botolo la madzi otentha. Mukamva madzi akuyenda, dinani batani loyambitsanso boyila. Ngati paipiyo ili pamwamba posafikika, musakwere makwerero pansi pali poterera.

Nachisale, Glasgow

Zimene anena a Phiri n'zoona, koma kuthira madzi ofunda m'mawa uliwonse sikuthetsa vuto, chifukwa gwero lake ndi kaikidwe ka paipiyo. Pa chisanu choopsa cha kumapeto kwa Febuluwale ndi kumayambiriro kwa Malichi 2018, nyumba zambiri m'dziko muno zinakhala zosatenthetsedwa chifukwa cha kapaipi komweka, maboyila ake ali abwinobwino. Njira yoyenera ndi yoti madziwo adutse mkati mwa nyumba n'kukalowa m'paipi yotaya madzi a musinki kapena a makina ochapira. Zikakanika, gawo la panja liyenera kukhala lalifupi, losapitirira mamita 3, lotakata mamilimita 32 kapena kuposa, lokutidwa ndi chofunda chosalowa madzi, komanso lotsetsereka pafupifupi masentimita 5 pa mita iliyonse kuti madzi asadikhe. Mwanena kuti yanuyo ndi kapaipi, ndiye ndikuganiza kuti ndi ija ya mamilimita 22, imene malo ake ndi m'nyumba.

Ntchito imeneyi ndi ya eni nyumba, osati yanu. Alembereni kalata kapena imelo kuti pakhale umboni, ndipo mmisiri amene abwere akuonetseni chiphaso cha Gas Safe Register, kaundula wa amisiri ovomerezeka a gasi amene analowa m'malo mwa wakale wotchedwa CORGI mu 2009. Lamulo limakakamizanso eni nyumba kuyezetsa zipangizo za gasi chaka chilichonse n'kukupatsani chikalata chake pasanathe masiku 28. Ambiri a ife timaopa kukumbutsa eni nyumba poganiza kuti atiyesa ovuta, komatu nkhani ya gasi si yochitira manyazi.

A Mwale, Leicester

Mayi, mukatuluka kukaona paipiyo, kwezaninso maso muone chumuni. Nthunzi yoyera imene imafuka pamenepo kukazizira isakudetseni nkhawa, ndi mmene maboyila amenewa amachitira. Chofunika n'chakuti kukamwa kwa chumuni kutalikirane ndi zenera lotseguka kapena chitseko ndi masentimita 30 kapena kuposa, ndipo pasakhale chotchinga chilichonse, kaya chomera choyanga, kaya kadenga kamene wina wamangapo pambuyo pake. Chumuni chimenechi ndi mapaipi awiri, ina mkati mwa inzake: yamkati imatulutsa utsi, yakunja imalowetsa mpweya woyakira, choncho chikatsekeka gasi sayaka bwino ndipo amatulutsa mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide. Chimaikidwanso mopendekera kuboyila kuti madzi opangika mkati mwake abwerere m'kachikho kaja. Mukaona dzimbiri kapena madzi akudontha pa mfundo zake, itanani mmisiri mwamsanga.

Mpweya umenewu ndi womwe uja umapha anthu kwathu akagona ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka miyezi ya Juni ndi Julayi. Suoneka ndipo sununkha. Munthu amangomva mutu, chizungulire ndi nseru, zimene zimachepa akatuluka panja. Kuyambira pa 1 Okutobala 2022, eni nyumba za lendi ku England ayenera kuika alamu ya carbon monoxide m'chipinda chimene muli boyila. Ikalira, zimitsani boyila, tsegulani mazenera, tulutsani ana, ndipo muimbe nambala ya ngozi za gasi, 0800 111 999, muli panja. Aliyense amene akumva zizindikiro zija apite kuchipatala tsiku lomwelo.