Mayi akuti sasayina mpaka bambo afike

Mzamba wa usiku: Anzanga, ndithandizeni nzeru. Usiku wathawu ndinali ndi mayi wa mimba yachiwiri, yoyamba anachira pa opaleshoni. Njira inaima pa masentimita 7 kwa maola 4, mutu osatsika, kugunda kwa mtima wa mwana n'kutsika kufika pa 100 pa mphindi. Adokotala anati tipite naye ku fiyeta. Mayi uja anakanitsitsa kusayina mpaka amuna ake afike, foni yawo osapezeka. Gadiyani anafuna kusayina m'malo mwake, ine ndinakana. Bambo anatulukira patatha mphindi 40. Mwana anabadwa atatopa, koma analira. Ndinalakwitsa kumubweza gadiyaniyo?

Asisita a ku labour: Simunalakwitse. Munthu wamkulu, mutu wake ukugwira bwino, wosayina ndi iyeyo. Gadiyani kapena bambo akasayina mwini thupi akukana, fomuyo ndi pepala chabe.

Kilinisha: Ndikuvomera, asisita, koma mphindi 40 pa chiberekero cha chipsera? Chikanang'ambika bwenzi pano tikukamba zina.

Asisita a ku labour: Ndiye timumange? Akakomoka ndi nkhani ina, pamenepo timapulumutsa moyo osadikira aliyense. Koma ali maso, akuyankhula, ayi.

Mzamba wopuma pa ntchito: Mwanawe, unamufunsa chimene amaopa? "Ndidikire bambo" nthawi zambiri ndi mantha oti zikavuta mlandu ugwera iye. Ine ndinkatulutsa kaye gadiyani, n'kukoka mpando kukhala pafupi ndi mutu wake. Ndimayika Doppler, kachipangizo komvetsera kugunda kwa mtima wa mwana, pamimba kuti adzimvere yekha, n'kumuuza kuti mtima wa mwana uyenera kugunda pakati pa 110 ndi 160, wake watsika. Zoona zokhazokha, osati zija timamva m'mawodi zoti "mupha mwana inu." Kumeneko n'kuopseza, ndipo chala chodindidwa ndi mantha si chilolezo.

Kilinisha: Ndipo podikirapo tisapinde manja. Dilipi ilowe, catheter (kapaipi kotulutsira mkodzo), magazi apite ku labu, a ku fiyeta akhale chile. Funsaninso mphindi zingapo zilizonse, anthu amasintha maganizo. Mu faelo lembani nthawi, zimene mwamufotokozera, mawu ake enieni ndi mboni.

Mzamba wa usiku: Dilipi ndi magazi ndinachita, koma kunena zoona sindinakhale naye pansi. Ndinkayankhula chiimirire, fomu ili m'manja, gadiyani ali pompo.

Asisita a ku labour: Mayi wa chipsera nkhaniyi tizimuyambira ku sikelo, matenda asanayambe, bambo alipo ngati mayiyo walola. Ndiikweza pa msonkhano wa m'mawa, mubwere ndi partograph ya mayi uja, pepala lija timalembapo mmene matenda akuyendera.