Alipo wodziwa za agalu otsogolera anthu osaona?

Abale ndi alongo, ndithandizeni maganizo. Mphwanga wa zaka 15 ali ndi vuto losaona, timakhala kuno ku Kasungu. Ndodo yoyera amayenda nayo bwino, koma chimvereni za agalu otsogolera osaona, nkhani yake ndi yomweyo basi.

Ku Johannesburg kuli bungwe la South African Guide-Dogs Association lomwe linayamba mu 1953. Agalu ake ambiri ndi a mtundu wa Labrador, ndipo amayamba ntchito akafika pafupifupi zaka ziwiri. Mwini wake nayenso amaphunzitsidwa, chifukwa galu sadziwa komwe mukupita. Munthu ndiye amalamula kuti kumanja, kumanzere, galu n'kumamupewetsa maenje ndi zopinga, komanso kukana kuwoloka galimoto ikamabwera. Ndiye ine ndikuona kuti mwana ayambe wadziwa bwino njira zake ndi ndodo.

Nkhawa yanga ndi moyo wa kuno. Akabaza pa M1 salabadira woyenda pansi, agalu ongoyendayenda ali ponseponse, chiwewe chilipo. Nanga kondakitala wa minibasi angalole galu kukwera? Chakudyanso, galu wotereyu sangadalire mkute wokha.

Aphunzitsi a ku sukulu ya osaona ya Chilanga, a ku koleji ya Montfort yophunzitsa aphunzitsi a ana olumala, kapena a bungwe la osaona la Malawi Union of the Blind, tiuzeni: zaka 15 sizochepa kuti mwana asamalire yekha galu wotere? Ndipo galu wathu wa kuno angaphunzitsidwe ntchitoyi, kapena mpaka kuitanitsa kunja?