Ndi mapointi 13, ndifunsire MBBS (digiri ya udokotala) chaka chino kapena ndilembenso MSCE?

Moni nonse, makamaka achimwene ndi achemwali amene muli ku yunivesite ya za umoyo ya KUHeS (Kamuzu University of Health Sciences) kapena munadutsako.

Ndine mtsikana wa kuno ku Mangochi. Pa MSCE ndinapeza mapointi 13, ndipo ena mwa maphunzirowo ndi awa: Biology 1, Chemistry 2, masamu 2, Chingerezi 2, koma Physics ndinapeza 4. Mtima wanga wonse uli pa udokotala.

Ndafunsa aphunzitsi anga, akusiyana maganizo. Ena akuti ndilembenso mayeso kuti Physics ikwere, ena akuti nditumize pompano fomu yofunsira malo ku yunivesite kudzera ku bungwe loona za maphunziro apamwamba la NCHE. Chikalata cha NCHE ndawerenga, koma sindinapezemo yankho la funso langali. Amalume, omwe amandilipirira fizi ndi ndalama za usodzi, akuti ndipite ku Malawi College of Health Sciences ndikachite dipuloma ya clinical medicine. Sindikuinyoza ntchitoyo, koma ndikuopa kuti njira ya MBBS ingadzatalike.

Ndiye ndithandizeni. Kodi 4 ya Physics imagwetsa munthu ngakhale zina zili bwino? Ndikaika MBBS poyamba n'kundisiya, mwayi wa mapulogalamu ena umachepa? Nanga alipo pano amene anayamba ndi dipuloma n'kudzalowa MBBS pambuyo pake? Munadutsa njira yanji?