Gulu la banja: nyumba ya agogo ku Dedza

Malume Phiri: Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera dzulo kumudzi. Khoma la kuchipinda kwa mayi lang'aluka kuchokera pamwamba mpaka pansi, dzanja likulowa. Nyumba ija siona dzinja lina. Lero tigwirizane.

Chisomo: Zikomo amalume. Tisanafike pa ndalama, tilembe kaye chimene tikumanga. Kuntchito kwathu polojekiti iliyonse imayamba ndi malire: zili mkati ndi ziti, zili kunja ndi ziti. Ine ndikuti zipinda ziwiri, balaza, denga la malata, pansi pa simenti.

Mayi a Tadala (Johannesburg): Nanga khonde? Mayi amaswera pakhonde, kutongola chimanga, kucheza ndi anzawo.

Chisomo: Amayi aang'ono, khonde si loipa. Mantha anga ndi oti likalowa lero, mawa wina ati sitolo, wina matailosi, bajeti n'kutupa tisakudziwa.

Malume Phiri: Khonde lilowe, mphwanga. Mvula ya ku Dedza imamenya khoma, khondelo ndilo limatchinjiriza.

Chisomo: Ndamva. Ndiye china chituluke, chifukwa ntchito, nthawi ndi ndalama zimayendera limodzi. Ukawonjezera ntchito, pafunika ndalama zina kapena masiku ena, ndipo masikuwo tilibe.

Mayi a Tadala (Johannesburg): Pulasitala wakunja ndi penti zidikire chaka chamawa.

Madalitso: Achemwali, masiku tilibe bwanji? Uno ndi July, mvula mpaka November.

Chisomo: Werenga chobwerera m'mbuyo. Denga silikwera makoma asanafike pa linta. Makoma sayamba maziko asanagwire, ndipo konkire imafuna kuthiriridwa madzi masiku 7. Zonsezo zikudikira njerwa: kuumba, kuyanika, kupanga uvuni, kuwotcha, kudikira uzizire. Mndandanda umenewu ndi umene amautcha critical path. Tsiku limodzi likatayika pa njerwa, latayikanso pa denga. Zitseko zamkati zikachedwa sabata ziwiri palibe chimene chawonongeka. Ndajambula tchati cha mizere chija amati cha Gantt, sabata iliyonse ndi ntchito yake, nditumiza madzulo.

Madalitso: Ndiye oumba ndiwapeze sabata ino. Ndionjezepo chimodzi: chitsime chathu chimaphwa mu October, komanso anyamata aganyu amakhala apita kukasosa minda.

Chisomo: Zimenezo ndizo ziopsezo, ndazilemba. Mchenga ndi miyala tituteretu, tibwerekenso migolo ya madzi.

Bambo a Yankho: Choopsa china ndi mitengo ya katundu. Mukukumbukira November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, zonse za ku hadiweya zinalumpha. Ndalama zikangosonkhana tigule malata ndi misomali.

Malume Phiri: Malata inde, alamu. Koma simenti tisaunjike. Ikakhalitsa pachinyezi imauma m'thumba momwe. Tizigula ya gawo limene tafikapo.

Chisomo: Pamwamba pa bajeti tiikepo 10 peresenti ya zadzidzidzi, osaikhudza popanda gulu kuvomera. Ndipo mmisiri tisamupatse zonse kumayambiriro. Akamaliza maziko, gawo lake. Pa linta, lina. Denga likakhomedwa, lomaliza.

Mayi a Tadala (Johannesburg): Ine nditumiza pa Mukuru mwezi ukatha. Wolandira ndani?

Malume Phiri: Msungichuma ndi bambo a Yankho, apafupi tumizani pa Airtel Money kapena Mpamba. Lisiti lililonse lijambulidwe liikidwe pano. Madalitso ali pamalopo, ndiye yekhayo wolankhula ndi mmisiri. Wina asamuimbire foni kumbali n'kumusinthitsa mawindo. Chisomo asunga ndandanda, Lamulungu lililonse atiuze tafika pati.

Mayi aakulu: Ndangowerenga zonse tsopano. Mwakonza bwino ana inu. Koma eni nyumba mwawafunsa?

Chisomo: Ayi, amayi aakulu, pamenepo talakwa. Anayenera kukhala oyamba.

Mayi aakulu: Anandiuza kale kuti mtengo wa mango umene anadzala bambo usadulidwe, ndipo khomo liyang'ane kumsewu kuti aziona odutsa.

Malume Phiri: Madalitso, usakhome zikhomo za maziko kaye. Mawa m'mawa upite ndi foni kwa agogo ako, uike pa sipika, tiwamve tonse.

Madalitso: Chabwino amalume. 7 koloko, asanapite kudimba.