Thandizeni abale: "trade" ya baseball ndiinene bwanji pa wailesi osanamiza anthu?

Wapadesiki:
Anzanga a masewera ndithandizeni msanga, mawa 6 koloko madzulo ndili pa maiki ndipo sikiripiti sinathe. Abwana anandipatsa mphindi 8 za baseball Lachisanu lililonse, akuti anthu athu a ku America ndi amene akutimvera kwambiri pa stream. Ine baseball ndaidziwira pa YouTube basi. Sabata yatha ndinanena kuti Juan Soto "anagulidwa ndi Mets kuchokera ku Yankees pa $765 miliyoni", foni yanga sinapume mpaka Lamulungu. Akuti Yankees sinalandire ngakhale tambala, kontrakiti ya munthuyo inali itatha. Chabwino, ndavomera.

Pano ligi inatseka, palibe zotsatira zoti ndiwerenge, ndiye tikudalira ma voice note. Bambo wina wa ku South Bend, wokonda Chicago Cubs kufa nayo, watumiza ya mphindi 11. Abwana akuti ndiidule ifike 3 kenako ndiyankhepo. Bamboyo akuti Craig Counsell, manager wa Cubs, achotsedwe, akudya $40 miliyoni koma wakagonja kwa Brewers, timu yomwe anaithawa, komanso "sanagule oponya mpira". Akutinso trade yobweretsa Kyle Tucker ku Cubs kunali kutaya osewera atatu chifukwa cha chaka chimodzi. Kumapeto akuti asagulenso woponya aliyense, woponya wachinyamata Cade Horton ndi anyamata a ku minor league (maligi a pansi) akwanira. Mwamva? Poyamba akudandaula kuti sanagule, kenako akuti asagule. Ndidule pati? Ndipo trade yo ndiitchule chiyani m'Chichewa? Musandiuze za Google, ndachokera komweko.

Mkonzi Wopuma:
Mwana wanga, nena kuti wagulidwa. Womvera wa ku Ndirande amadziwa kuti wosewera akachoka ku Bullets kupita ku Wanderers ndiye kuti wagulidwa. Zaka zonse zimene ndinakhala pa desiki sindinamvepo munthu akudandaula ndi mawu amenewa.

Mlongo wa ku Joni:
Madala, mawu amenewo ndi omwe amuyika m'madzi mnyamatayu sabata yatha. Achimwene, ku MLB, ligi yayikulu ya baseball ku America, wosewera amachoka m'njira zosiyana ndipo iliyonse ili ndi mawu ake. Pa trade matimu amapatsana osewera pamodzi ndi makontrakiti awo, ndiye ingonenani kuti "asinthanitsidwa". Tucker anachoka ku Astros mu December 2024, ndipo Cubs inapereka Isaac Paredes, Hayden Wesneski ndi Cam Smith. Palibe transfer fee pamenepo. Soto nkhani yake ndi ina: munthu akakwanitsa zaka 6 mu ligi yayikulu ndipo kontrakiti yatha, amakhala free agent, amasankha yekha kopita ndipo ndalama zonse ndi zake. Pamenepo munene kuti "wasaina ndi Mets". Chomwe chimafananako ndi kugula kwa mpira wa miyendo ndi osewera ochokera ku Japan. Dodgers itasainitsa Yoshinobu Yamamoto pa $325 miliyoni inaperekanso ndalama zoposa $50 miliyoni ku Orix Buffaloes, timu yake yakale.

Koma chomwe chingakuwotcheni mawa ndi cha Counsell. Manager wa baseball sagula munthu. Ntchito yake ndi kusankha oyamba, kusankha womenya woyamba ndi wachiwiri, ndi kudziwa nthawi yochotsa woponya akatopa. Ogula ndi a mu ofesi, ku Cubs ndi Jed Hoyer. Mukaulutsa mawu oti "Counsell sanagule oponya" osakonza, cholakwacho chisanduka chanu. Womvera sakumbukira kuti ananena ndi mlendo, amati wailesi yanena.

Mkonzi Wopuma:
Achemwali, Babe Ruth anachoka bwanji ku Boston? Yankees inapereka $100,000 mu 1919. Kumeneko si kugula? Ndiye musandiuze kuti ku America sagula.

Mlongo wa ku Joni:
1919 madala. Tili mu 2025.

Wa Night Shift:
Aise, za mawu zisiye kaye, ine ndikuchenjeze za chinthu chomwe chinatsala pang'ono kundichotsetsa ntchito. Nyengo ino imene sakusewerayi ndi ya mphekesera, ndipo mphekesera zake zimabwera ife tili mtulo. New York ili kumbuyo kwathu ndi maola 7 miyezi ino, Los Angeles maola 10. Ukajambula pulogalamu masana, pofika m'mawa nkhani yatembenuka.

December 2022 ndinali ndekha usiku, ndikusowa chodzadzira bulletin ya m'mawa. Ndinaona kuti Carlos Correa wagwirizana ndi San Francisco Giants, zaka 13, $350 miliyoni. Ndinawerenga monyadira kuti wasaina. Patatha sabata madokotala a Giants anakayikira mwendo wake womwe anathyoka kalekale, msonkhano wa atolankhani n'kuimitsidwa tsiku lomwelo. Kutacha akuti wapita ku Mets, zaka 12, $315 miliyoni. Ndinawerenganso, ndikupepesa za poyamba. A Mets nawo ataona mwendo womwewo anabwerera m'mbuyo. Mu January munthu uja anabwerera ku Minnesota Twins komwe anachokera, zaka 6, $200 miliyoni. Munthu mmodzi ndinamusainitsa katatu pa wailesi! Mkonzi wanga anandifunsa ngati ndikumwa pa shift.

Ukaona alemba kuti pending physical, ndiye kuti sanayezedwe, usanene kuti wasaina. Nena "akuti agwirizana". Dikira timu yeniyeniyo ilengeze. Ndipo usakhulupirire munthu chifukwa choti ndi mtolankhani wamkulu. December 2023 anthu anakhala tsiku lonse akutsata ndege pa intaneti, akuti yanyamula Shohei Ohtani kupita ku Toronto. Itatera munatuluka munthu wina wabizinesi. Tsiku lotsatira Ohtani analengeza yekha pa Instagram kuti akupita ku Dodgers. Ndiye za Tucker usayerekeze kulosera kopita. Ligi ya 2025 itatha analibe timu, nena zomwezo.

Injiniya wa Situdiyo B:
Voice note yo usailowetse m'kompyuta ya on air momwe ilili, ya WhatsApp imakana pa makina ena. Isinthe ikhale wav, uikonze mu Audacity, uchepetse phokoso koma pang'ono, ukawonjeza bamboyo amveka ngati ali m'chidebe. Ndipo chonde musaikemo mawu a owulutsa a ku America ochokera pa YouTube. Wina anaika masekondi 20 okha, Facebook inatseka mawu a stream yonse, omvera akungoona pakamwa pakuyenda. Ndinakalipiridwa ndine.

Wapadesiki:
Zikomo nonse. "Asinthanitsidwa" ndalemba. Koma achemwali, za Tucker bamboyu akunama kapena akunena zoona? Ndiyenera kuyankhapo kanthu, sindingangoti "maganizo anu tawamva".

Mlongo wa ku Joni:
Sakunama, koma akunena theka. Cubs inkadziwa kuti Tucker watsala ndi chaka chimodzi, inalolera. Smith anali atangosankhidwa kumene mu draft ya 2024 (pomwe matimu amasankha osewera atsopano achichepere) ndipo ku Astros anayamba kusewera ligi yayikulu tsiku loyamba la 2025, ndiye kupweteka kwa bamboyo ndi komveka, mwanayo akhala ku Houston zaka zambiri pa malipiro ochepa. Theka linalo ndi loti Cubs inapambana masewera 92 pa 162, inachotsa Padres mu playoff, ndipo kwa Brewers inagonja pa gemu yachisanu, yomaliza. Muwafunse bamboyo kuti popanda Tucker akanafika pamenepo? Funso limenelo lokha likudyerani mphindi imodzi.

Chinanso, podula musalumikize chiganizo cha poyamba ndi cha kumapeto kuti amveke wodzitsutsa. Inde wadzitsutsa yekha, koma mukaziika moyandikana aziti mwamuseka dala. Anthu a kunjawa amasunga zomwe anatumiza, adzaika yonse ya mphindi 11 pa gulu lawo kuti aliyense amve momwe mwaidulira. Muimbireni kaye, mumuuze mbali yomwe mukuulutsa.

Mkonzi Wopuma:
"Asinthanitsidwa" ndi mawu a zovala za kaunjika. Pa maiki lilime likakupinda. Wagulidwa, zilembo zochepa, aliyense wamva. Nanga uja wa ku South Africa, Gift Ngoepe, Pirates itamutumiza ku Toronto mu 2017 sanatchulepo ndalama? Mwaona.

Wa Cricket:
Ndalowa mochedwa, ndinali ku Lilongwe. Ine ndikufuna ndinene za oponya achichepere, chifukwa pamenepo ndi pomwe bambo wa Cubs akuyenera kukumbutsidwa mbiri ya timu yake yomwe. Ife a cricket timadziwa kuti woponya mwaliwiro amathyoka msana. A baseball amathyoka chigongono ndi phewa, chifukwa mkono amaupinda poponya, ndipo masiku ano anyamata akuthamangitsa mpira mpaka mamailosi 100 pa ola.

Kerry Wood, May 1998, ali ndi zaka 20, anatulutsa omenya 20 a Astros pa gemu imodzi. Chicago yonse inati mpulumutsi wafika. Chaka chotsatira sanaponye ndi kamodzi komwe, anali ku opaleshoni ya chigongono, ija amaitchula kuti Tommy John potengera woponya yemwe anayamba kuchitidwa mu 1974. Amachotsa mtsempha kwina m'thupi n'kuuika pa chigongono, ndipo kuchira kwake ndi chaka kapena chaka ndi theka. Kenako Mark Prior, wosankhidwa wachiwiri mu draft ya 2001. Mu 2003 anapambana magemu 18 n'kugonja 6, anthu akuti uyu ndiye kaponyedwe kake n'kopanda banga. Gemu yake yomaliza mu ligi yayikulu inali mu 2006, ali ndi zaka 25 zokha. Mpaka lero okonda Cubs amakangana ngati Dusty Baker, manager wa nthawiyo, anawatopetsa anyamatawa powasiya aziponya mipira yambiri. Pamenepo ndiye pamene manager angadzudzulidwe moyenera, pa kagwiritsidwe ka mkono wa mwana, osati pa kugula.

Horton ndi wabwino, sindikukana. Koma Tommy John anachitidwa kale ali ku koleji ku Oklahoma, ndipo playoff ya 2025 sanaponye chifukwa cha nthiti yothyoka. Justin Steele, woponya yemwe Cubs inkamudalira, anachitidwa opaleshoni ya chigongono mu April 2025. Timu imafuna oponya oyamba gemu 5 kwa miyezi 6, ndipo kawirikawiri sathera limodzi onsewo. Ndiye mawu oti "anyamata akwanira" usawavomereze pa wailesi, komanso usanene kuti mwana wakutiwakuti adzakhala katswiri. Astros inasankha Mark Appel woyamba pa onse mu 2013, anadzafika ligi yayikulu mu 2022 ali ndi zaka 30, ku timu ina.

Wa Night Shift:
Koma Paul Skenes bwanji? Woyamba mu draft ya 2023, May 2024 ali kale ku Pirates, mu 2025 watenga Cy Young, mphoto ya woponya wopambana. Bamboyo akuyankha ndi dzina limenelo, ukonzeke.

Wa Cricket:
Mmodzi ameneyo. Stephen Strasburg nayenso anali choncho, anatenga MVP (wosewera wopambana) wa World Series, fainolo ya ligi, mu 2019, Nationals n'kumupatsa $245 miliyoni, kuchokera pamenepo anangoponya magemu owerengeka thupi n'kukana. Prior uja pano ndi mphunzitsi wa oponya ku Dodgers, omwe anatenga chikho kawiri motsatizana, mu 2024 ndi 2025. Imeneyo ndi mchere wabwino wothira kumapeto, wa Cubs imupweteka.

Mayi wa Zamalonda:
Pepani ndalowerera za eni. Ndalamazo musazisinthe kukhala makwacha. Mutenga mtengo wa kubanki, wina aimba kuti pa msika wa kuseri sizili choncho, pulogalamu ya baseball isanduka ya forex. Ndinaziona ine pa nkhani ya feteleza. Ndipo ya Ohtani mukaitchula musamale, pa $700 miliyoni ija akulandira $2 miliyoni yokha pachaka, $680 miliyoni adzayamba kulandira kontrakiti ikadzatha.

Wapadesiki:
Eee abale, mphindi zanga ndi 8 zokha. Zonsezi zilowa? Nanga manager ndinene mphunzitsi kapena manijala? Ndikati manijala anthu aganiza za team manager wonyamula majezi.

Mkonzi Wopuma:
Mphunzitsi. Ndipo wosewera wagulidwa. Mukuvutikiranji ana inu? Ife tinkaulutsa nkhonya za ku America usiku, popanda intaneti, nkhani ikubwera pa telex, ndipo palibe anaimba foni.

Injiniya wa Situdiyo B:
Mafoni ake anali kuti madala nthawi imeneyo?

Mlongo wa ku Joni:
Mphunzitsi wamkulu ndi bwino, chifukwa pansi pake pali wa oponya, wa omenya, ndi ena oima m'mbali mwa bwalo. Mungawonjezere kuti amavala yunifomu ngati osewera, anthu amasangalala nazo zimenezo. Ine kuno ndinayesapo kunena "woponya" ndi "womenya", mayi wina analemba kuti ankaganiza kuti ndi nkhani ya ndewu ya ku tavern.

Wa Night Shift:
Kkkk. Ine ndinati "waba base yachiwiri", mawu a baseball onena wosewera wothamangira pa base yotsatira mpira usanamenyedwe, mkonzi anafuna kuichotsa akuti tingasumiridwe ponena munthu kuti ndi wakuba.

Mkonzi Wopuma:
Mkonzi ameneyo anali ndi nzeru.

Injiniya wa Situdiyo B:
Mwa njira, amene anatenga chingwe cha XLR chachitali Lachiwiri abweze. Loweruka tili ndi gemu ku Bingu ndipo chomwe chatsala chikulira mbali imodzi.

Wa Cricket:
Si ine. Funsani a nkhani za m'maboma, anapita nacho ku msonkhano wa khonsolo. Alipo akupita ku Bingu pa galimoto Loweruka m'mawa? Mafuta tigawana.