Nyali zikumazima tikatsikira m'chipinda chamkati mwa phanga, ndithandizeni

Gift, Kasungu
Anzanga ndithandizeni msanga, Loweruka ndili ndi alendo 8 ndipo mutu waima. Kuphanga kuja ndimapititsa alendo, kunja kwa paki ya Kasungu, nyali zikundichititsa manyazi. Ndili ndi nyali za galasi 4. Pakhomo zimayaka bwinobwino, pamene pali zojambula zofiira paja palibenso vuto, koma tikangokwawa pampata paja n'kutsikira m'chipinda chamkati, lawi limafupika, kufiira, kenako utsi wokhawokha. Sabata yatha ziwiri zinazimiratu tili mkati, mayi wina anayamba kukuwa atandigwira malaya. Zingwe ndasintha, magalasi ndatsuka. Akuloji amene amanditumizira alendo akukana tochi, akuti analengeza kuti ndi ulendo wa nyali ndipo alendo analipira zimenezo. Nanga mkatimo ndi momwe muli mapale aja, pamene ndimafotokoza za makolo kubisala nthawi ya nkhondo za Angoni. Popanda pamenepo ulendo wanga ulibe mchere. Nditani?

Yamikani, Kamwendo
Palafini wagula kuti aise? Wa m'mabotolo pamsika ena amathiramo dizilo, amafuka kwambiri.

Gift, Kasungu
Ndinaganizanso choncho, ndinakagula wina pafilingi. Chimodzimodzi. Ndipo akanakhala palafini bwenzi zikufuka ndi pakhomo pomwe.

Madala Nkhoma
Mwana wanga, nyalizo zilibe mlandu. Zikukuuza kuti mpweya wa m'chipindamo ndi woipa. Moto umafuna mpweya womwe iwe ukupuma, ndiye ukaona lawi lagwada dziwa kuti nawenso mapapo ako akuperewedwa. Mpweya woipa ndi wolemera, umadikha pansi ngati madzi m'chithaphwi, makamaka malo otsika opanda kotulukira mphepo. Ife tikugwira ntchito ya gemu tinkaona zomwezi ndi okumba zitsime, amayamba atsitsa koloboyi pachingwe, akazima salowamo. Usasiye nyali ya palafini. Tochi imawala bwinobwino mpaka munthu kukomoka ili m'manja.

Gift, Kasungu
Madala, zoona mutu umandiwawa tikatuluka, ndimayesa ndi utsi. Koma chaka chatha nthawi ya dzuwa sizinkachitika chonchi.

Madala Nkhoma
Mvula ikagwa madzi amakokololera masamba ndi zinyalala mkati, zimawolera momwemo pamodzi ndi zitosi za mileme. Onjezerapo anthu 9 akupuma ndi nyali 4 zikuyaka m'kachipinda kamodzi. Mpweyawo mukulimbirana.

Chikondi, Dedza
Achimwene Gift, ine nkhawa yanga ili pa zojambulazo. Mukuti mumadutsa ndi nyali zofuka pansi pa zofiira zija? Kayang'aneni kudenga masana, mupeza mwaye. Kuno ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula, UNESCO inawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006, ndipo chimene chimatipweteka mtima ndi malo amene anthu anakolezapo moto pansi pa thanthwe ndi amene ana analembapo ndi makala. Mwaye ukamata pa utoto sungaupukute, ukapukuta umachoka ndi chojambula chomwe. Zofiirazo ndi za Akafula, anthu amene anali kuno Achewa asanafike, palibe amene adzazijambulenso. Ku France phanga la Lascaux analitseka mu 1963 chifukwa cha mpweya wopuma alendo wokha, osati utsi n'komwe. A nthambi ya boma ya Museums and Monuments akudziwa kuti mumalowetsa moto pamenepo?

Gift, Kasungu
Achemwali, ndinagwirizana ndi amfumu okha, ndipo ndimapereka kangachepe kumudzi ulendo uliwonse. Kuboma sindinapite.

Chikondi, Dedza
Amfumu n'koyenera, koma zojambula ndi mapalewo zimatetezedwa ndi lamulo la Monuments and Relics. Mlendo akatola phale limodzi n'kuika m'thumba, wofunsidwa ndi inu. Gulani nyali za sola zija zooneka ngati za galasi, zilipo zowala mwachikasu. Mlendo akufuna mdima ndi kuwala kofatsa, sakufuna fungo la palafini.

Madala Nkhoma
Za sola zimenezo sizingamuuze kanthu za mpweya. Ndanena kale.

Yamikani, Kamwendo
Nkhani ya utsiyi yandikumbutsa. Zaka zapitazo ndinakwera ndi ana asukulu phiri lina kuno ku Mchinji, mphunzitsi wawo anayatsa muuni wa udzu kuti aone m'phanga. Sitinadziwe kuti pamng'alu pamwamba pali njuchi. Zinatsika ngati mvula. Ana kubalalika, wina anagwa pathanthwe n'kuthyoka dzanja, ine nkhope inatupa masiku atatu osaona bwino. Tinamunyamula mwanayo pamsana mpaka kumsewu, galimoto kulibe, netiweki kulibe. Kuyambira pomwepo ndisanalowe paliponse ndimaima kaye phee pakhomo kumvetsera kulira kwa njuchi, ndi kuyang'ana pansi ngati pali minga ya nungu kapena mapazi a fisi.

Mayi Tembo, Santhe
Ine ndisanayambe za alendozi ndinali mlangizi wa zaumoyo, ndiye ndilankhulepo za mileme. Gift, mukamakwawa pampatapo mumakwawa pa chiyani? Ngati ndi fumbi lakuda lofewa lija lonunkha mkodzo, ndi zitosi zimenezo. M'zitosi zakale za mileme mumamera chuku choyambitsa matenda a histoplasmosis. Munthu amangopuma fumbilo, pakapita masiku 3 mpaka 17 amayamba kutentha thupi, kutsokomola, kupweteka pachifuwa. Ambiri amachira okha, koma kwa amene chitetezo chawo n'chotsika, monga amene ali ndi HIV, amatha kupha, ndipo amafanana ndi TB moti munthu akhoza kumwa mankhwala olakwika. Mlendo wanu adzadwalira kwawo, inu osadziwa. Koma amene amalowamo sabata ndi sabata ndi inu. Kamasiki kansalu sikathandiza, pamafunika masiki yosefa fumbi ya N95. Ndipo wina akalumidwa kapena kukandidwa ndi mleme, tsukani ndi sopo ndi madzi ambiri n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha chiwewe.

Gift, Kasungu
Mayi, ndi fumbi lomwelo. Mawondo a thalauza amatuluka akuda bii. Mileme ilimo yambiri, tikalowa imatiwomba kumaso.

Mayi Tembo, Santhe
Ndiye ine sindingalowetsemo munthu. Ku Uganda mu 2008 mayi wina wa ku Netherlands anamwalira ndi matenda a Marburg atalowa mu Python Cave, phanga lodzadza mileme yodya zipatso. Sindikunena kuti kwanuko kuli Marburg ayi, ndikungonena kuti chipinda cha mileme si malo ocheza.

Madala Nkhoma
Zonsezo n'zoona mayi, koma za matenda zimabwera pakapita masabata. Mpweya umagwetsa munthu pompo. Gift, ngati ukakamira kulowa, tsogola wekha ndi nyali ya palafini, uigwire m'munsi cha m'mawondo osati m'mwamba. Lawi likangogwada, bwerera. Ndipo wina akakomoka mkati usathamangiremo chimbulimbuli, m'zitsime amafa awiriawiri chifukwa chofuna kupulumutsana.

Chikondi, Dedza
Madala, ndi ulemu wonse, nyali yake yanena kale kawiri konse kuti mpweya ndi woipa. Ayesenso chiyani? Akangodutsanso nayo pansi pa zojambula ndi mwaye wina.

Madala Nkhoma
Nyali imodzi siingadetse thanthwe mwana wanga. Abusa akhala akuwotha moto m'mapangamo kuyambira kale. Ine munthu wolowa pansi pa nthaka opanda lawi sindimuvomereza.

Blessings, Chulu
Ine funso langa ndi nthawi. Ulendo wa nyali ndiye kuti mukubwerera kutada? Phangalo lili kutali bwanji ndi waya wa paki? Chibwerereni njovu 263 zija kuchoka ku Liwonde kudzaikidwa m'paki ya Kasungu mu 2022, ife a mbali ino sitiyenda mwachisawawa dzuwa likalowa, makamaka chimanga chikakhwima. Mwezi watha ndinapeza ndowe zikadali zofunda panjira yomwe ndimadutsa ndi alendo m'mawa. Gulu la anthu 8 ndi nyali m'manja, ena achikulire, mungathawe bwanji? Mkati mwa paki mukafuna kukaona zojambula za ku Solonje kapena ng'anjo zosungunulira chitsulo zija mumapita ndi renja wamfuti, masana. Kunja kuno tilibe ameneyo.

Gift, Kasungu
Ndi kataliko ndithu, njovu sizinafikeko. Koma anzanga mwandichulukitsira. Ine ndimafuna nyali ziyake basi. Ndikawauza akuloji kuti chipinda chamkati ndasiya, apatsa wina ntchitoyi, ndipo winayo alowetsa anthu momwemo osafunsa aliyense. Ndalama ya Lowerukayi ndinawerengera kale fizi ya mwana.

Mayi Tembo, Santhe
Auzeni molemba pa WhatsApp, uthengawo musunge. Alendo akhale pakhomo ndi nyali za sola, nkhani ya Angoni mukambire pomwepo, mapale muwaonetse pa chithunzi. Ndipo inuyo chifuwa chikayamba mukanene kuchipatala kuti mumalowa m'phanga la mileme, apo ayi adzangoyeza makhololo.

Madala Nkhoma
Ngakhale pakhomo pomwepo, imodzi ya palafini ikhalepo.

Yamikani, Kamwendo
Achemwali Chikondi, za sola zachikasuzo munagula kuti? Ku Mchinji boma ndikungopeza zoyera zija zothobwa m'maso. Ndipo batire yake imatha maola angati?

Chikondi, Dedza
Anandibweretsera mlamu wanga kuchokera ku Lilongwe, ndimufunsa sitolo yake. Musatenge zokhala ndi wailesi, sizichedwa kufa.

Blessings, Chulu
Amene wadutsa msewu wa ku Lifupa, m'paki muja, sabata ino, uli bwanji ndi mvulayi? Ndili ndi alendo Lachiwiri pa galimoto yaing'ono.